Ng'ombe za Malemu Raphael

1. Mlendo wa ku Zingwangwa

Njinga yamoto inaima pansi pa mgwalangwa. Wakabaza anazimitsa nyali. Mdima unangoti bii.

"Pa a Kampira m'pano, achemwali. Tsikani."

Tamanda anatsika. Fumbi linali litamulowa mpaka m'mano. Ku Zingwangwa ananyamuka m'mamawa. Minibasi inamusiya pa Thabwa. Lole ya mpunga inamudutsitsa kwa Makhuwira, kenako inafa. Kotsalako mpaka kwa Mlolo anamalizira pa kabaza. Dzuwa linali litalowa, koma nthaka inkatenthabe ngati chiwaya.

Kuno n'kumene anabadwira bambo ake, malemu Raphael Kampira. Tamanda anangobwerako kamodzi, ali kumsana, pa maliro awo.

Chinamubweretsa ndi Chipwitikizi. Bungwe lina linkathandiza aphunzitsi a zinenero zakunja m'sukulu za boma. Linkawamangira nyumba ndi kuwagulira njinga zamoto kuti asamathawe kumidzi. Chaka chimenecho linawonjezera china. Ana okhoza bwino liwalipirira sukulu yogonera komweko, kenako koleji ku Beira, kuti adzabwere ali aphunzitsi. Boma lililonse linali ndi malo ake ochepa.

Ku Blantyre opikisana anali ngati nyerere. Tamanda anayesa, anagwa pang'ono pokha. Mayi ake, a Imelda, ogulitsa kaunjika, sanafune kumva zolira.

"Bambo ako kwawo n'ku Nsanje," anatero. "Kumeneko ana ngochepa. Pita ukayesere kwanu. Ine za Fomu 3 sindikwanitsa, ukudziwa."

Mayeso a pakamwa anali mawa lake ku Bangula, kutsidya la Shire.

Tochi inatuluka m'nyumba. Pambuyo pake panali bambo wamtali, wopanda malaya.

"Mwadokerwa, mwananga?"

Moni wa Chisena umenewo Tamanda sankaudziwa. Anangogwada.

"Ndili bwino, ankolo."

Wina anaseka mumdima.

"Ankolo ako ali kuchikazi," anatero bamboyo mofatsa. "Ine ndine Saulos, mng'ono wa bambo ako. Kuno ndine baba wako. Akusekayu ndi Jesinta, m'bale wako. Jesinta, landira chikwama."

Mtsikanayo anabwera mozikoka. Anali wa msinkhu wa Tamanda, koma wamtali, wa mapewa otambasuka. Ananyamula chikwamacho ndi chala chimodzi.

"Katundu yense ndi yemweyu? Ndimayesa a ku tauni amayenda ndi firiji."

Sanapereke moni.

2. Aphunzitsi a njinga yofiira

Anadyera pakhonde. Mbatata ndi nsomba za makakana zowamba. Udzudzu unkaluma osapumira. Mayi a Jesinta kunalibe, anali kumadimba kolondera chimanga kuti mvuu zisadye. Amene analipo ndi azakhali, a Magdalena, mlongo wamkulu wa a Saulos ndi malemu. Mayi wamfupi, wa mawu aakulu. Anamugwira Tamanda chibwano n'kumuunika ndi tochi.

"Mphuno ndi ya Raphael. Koma kuondaku n'kwa ku tauni. Mumadya mphepo kumeneko?"

Asanamalize kudya, njinga ina yamoto inalowa pabwalo. Yofiira, yatsopano. Anatsikapo a Francisco, mphunzitsi wa Chipwitikizi pa sekondale yoyendera ya m'deralo.

"Boa noite!"

Jesinta analumpha. Mbatata anaisiya pambale.

Zimene zinatsatira Tamanda sanaziyembekezere. Mawu ankatuluka m'kamwa mwa Jesinta ngati madzi a pamjigo. Osaima, osaganizira. Aphunzitsi anena, iye wabweza. Aphunzitsi aseka, iye waseka kale. Pena ankaponya dzanja m'mwamba ngati amayi a kutsidya la Ruo akamakangana mtengo wa nsomba. Tamanda anatchera khutu. Anatolapo mawu oti bwato. Anatolapo oti mawa. Zina zonse zinamudutsa.

Ndiye awa ndi ana ochepa aja ankanena amayi?

"Mlendoyunso amachidziwa," anatero Jesinta, akuloza ndi mlomo. "Cha ku tauni. Muyeseni."

A Francisco anamufunsa dzina ndi kumene wachokera. Tamanda anayankha. Sanalakwitse paliponse. Koma mawu ankatuluka limodzilimodzi, ngati akuwerenga pabolodi.

"Galamala ili bwino zedi," anatero aphunzitsi. "Koma lilime likadali m'buku. Masiku uli kunowa uzicheza ndi Jesinta. Akuwongola."

Makutu a Tamanda anatentha.

Aphunzitsi anatembenukira kwa mwini khomo.

"A Kampira, mawa bwato loyamba. Ine mukandipeza padoko. Mwanayu ndamuphunzitsa kuyambira Fomu 1. Ndikunena pamaso panu, ku Bangula kukakhala chilungamo, malo amodzi ndi ake. Ndipo akapambana, sukulu yathu atiwonjezera mphunzitsi ndi mabuku. Mudzi wonse ukuyang'ana iyeyu."

A Saulos anayang'ana pansi.

"Pyadidi, aphunzitsi. Zili bwino."

Dzanja lawo linanyamuka lokha n'kutera pamutu pa Jesinta. Linakhalapo kanthawi, chala chachikulu chikusisita pachipumi.

Tamanda analiona. Dzanja ngati limenelo silinamugwirepo chibadwire.

Njinga yofiira itatuluka, anafunsa.

"Ndiye mawa tikupita tonse?"

A Saulos anadzuka, akuti akukaona mbuzi. Jesinta anasonkhanitsa mbale mwaphokoso.

"Afunseni baba wanu," anatero, n'kulowera kuseri.

3. Mawu a azakhali

"Bwera udzandigwirire neti," anatero a Magdalena.

M'nyumba mwawo munali fungo la nsomba ndi sopo. Anamupatsa ngodya imodzi ya neti, iwo n'kukwera pampando.

"Sanakuuze mayi ako?"

"Zachiyani, azakhali?"

"Mwina naye sakudziwa. Saulos pafoni amangoti eya, eya. Kweza pang'ono. Tamvera tsono. Eni ake a maphunzirowa anaika lamulo. Kholo limodzi, mwana mmodzi. Iwe sungalowe m'chipinda chija popanda Saulos kuima pambuyo pako, kunena kuti ndiwe mwana wa kuno. Akaimira iwe, Jesinta watsala. Akaimira Jesinta, iwe wabwerera ku Blantyre ndi fumbi lako."

"Ndiye asankha ndani?"

"Iwe."

Tamanda anatsala pang'ono kutaya neti.

"Ine? Kusiya mwana wawo?"

"Gwira bwino. Inde, iwe. Ndipo usaganize kuti n'chifukwa cha galamala yako ija."

Anamanga mfundo, natsika, nakokera mpando ku ngodya ina.

"Kuno, mwananga, mkazi sitikwatira ndi pakamwa ngati kwa mayi ako. Timapereka ng'ombe. Bambo ako atayamba ntchito kuminda ya nzimbe, anagula ng'ombe, khola linadzaza. Saulos analibe ngakhale nkhuku. Atapeza mbeta, akuchikazi anamuseka. Raphael anatsegula khola lake, n'kuti, 'Tenga zonse, ukatenge mkazi.' Iye n'kupita ku tauni manja lendelende. Ng'ombe zimenezo n'zimene zinabweretsa mayi a Jesinta pakhomo pano. Popanda bambo ako, Jesinta kulibe.

"Tsiku loika maliro, Saulos anakunyamula pamaso pa mudzi wonse. Unali kakhanda, ukulira. Anati, 'Uyu ndi mwana wanga woyamba.' Mwambo wathu umatero. Mwana wa malemu ndiye amayamba. Mbale amayamba ndiye, nsalu amayamba ndiye, sukulu amayamba ndiye. Mayi ako anakutenga, zaka zinadutsa, sanapemphepo kanthu. Lero wapempha koyamba. Saulos akane? Angayende bwanji pamsika? Anthu adzati anadya ng'ombe za mkulu wake n'kutaya mwana. Akadzangotsokomola, adzati ndi Raphael wakwiya. Chilandirireni foni ija munthuyu sakudya. Aphunzitsi aja walephera kuwauza. Wadzionera wekha."

"Nanga ine nditani, azakhali? Si ine ndinapanga lamulo."

"Si iwe. Koma womumasula ndiwe wekha. Ine sindingathe. Mkazi wake sangathe. Iwe ukangoti, 'Baba, tengani Jesinta,' ine ndili pomwepo monga mboni, nkhani yatha. Palibe angamuloze chala."

Azakhali anatsika pampando, nakhala pamphasa, namukokera pansi.

"Sindikuti usiye. Undimvetse. Mayi ako akuvutika, ndikudziwa. Nawenso ndiwe mwana wathu, sukulu ukuifuna. Ukapita mawa chifukwa mtima wako uli pa sukulu, pita, mwambo uli kumbali yako, ine ndikuphikira ndi kamba. Koma ndakuona maso pakhonde paja. Pamene Jesinta amayankhula. Pamene Saulos anamugwira pamutu. Maso amenewo ndimawadziwa, ndakula ndikuwaona pamjigo ndi m'makwaya. Munthu wa kaduka safuna kuti iye apeze. Amafuna kuti mnzake asapeze. Zinthu ziwirizi zimafanana nkhope, koma n'zosiyana. Wofuna kupeza akapambana amagona tulo. Wa kaduka akapambana sasangalala, amangoyang'anabe m'mbale ya mnzake. Amakalamba akuyang'ana. Ana ake amamuthawa, abale amasiya kumuuza zabwino zawo. Ndiye usanagone dzifunse. Ukupita kuti ulowe, kapena kuti m'bale wako asalowe? Usandiyankhe ine. Mawa ndikufunsa kamodzi, pamaso pa Saulos. Kawiri ayi."

Anamumenya kambama kopepuka pantchafu.

"Udzudzu. Pita ukagone. Ndipo usamatitche ankolo, anthu angatiseke."

4. Neti imodzi

Atsikana anagona m'kanyumba ka pambali, neti imodzi, mphasa imodzi. Pakhoma panali yunifolomu ya Jesinta, yosita, yopachika pa msomali. Tamanda anayatsa foni kuti aone nthawi. Jesinta anaiyang'ana cham'mbali.

"Imajambulanso?"

"Eya."

"Nsapato zija ndi za kusukulu kapena za kutchalitchi?"

"Za kusukulu."

"Hmm. Ife za kusukulu ndi zomwezo za kumaliro."

Kutali, kudambo, achule ankalira.

"Azakhali akuuza?" anafunsa Jesinta.

"Andiuza."

"Ndiye?"

"Ndiye chiyani?"

Jesinta anadzuka n'kukhala tsonga. Neti inagwedezeka.

"Ine sindipempha munthu. Funsa aliyense. Koma tamvera. Chilankhulochi ndachitola movutika. Loweruka lililonse ndimapita ndi amayi a nsomba kutsidya, ndimawamasulira, dzuwa lili pamutu. Madzi atasefukira tinathawira kusukulu, mabuku anga onse anapita. A Francisco ankandiphunzitsa pansi pa mtengo, ndikulemba ndi chala padothi. Iwe uli ndi magetsi. Uli ndi laibulale. Chaka chamawa ukhoza kuyesanso kwanu. Ine mwayi wanga ndi mawa basi."

Tamanda anamva chinachake chikufewa pachifuwa. Anatsegula pakamwa. Mawu anali pafupi.

Koma Jesinta anali asanathe.

"Ndiponso, kunena zoona, ndi Chipwitikizi chako chija sungapambane. Nkhabe. Kwa Tengani kuli mnyamata wina woopsa, ku Marka kuli awiri. Akakudya wamoyo. Ngakhale baba akudziwa. Anandiuza dzulo kuti, 'Mwananga, ndikudziwa kuti woyenera ndiwe.' Analira. Baba sanalirepo pamaso panga."

Chofewa chija chinauma pomwepo.

"Anakulirira?"

"Eya."

"Ndiye ukufunanso chiyani? Uli ndi bambo okulirira. Uli ndi aphunzitsi obwera ndi njinga kudzakutamanda pakhomo. Mudzi wonse akuti ukuyang'ana iwe. Ine ndani akundiyang'ana? Bambo anga ndimawadziwira pa chithunzi. Ng'ombe zawo zinathera pa iwe. Lero ndapeza kamodzi kokha koyamba ine, ukufuna kandilandenso?"

"Ndiye ukagwe dala, malo apite kwa ana a eni?"

"Ndani wakuuza kuti ndikagwa?"

"Ukagwa."

"Bola apite kwa ana a eni."

Mawuwo anatuluka okha. Tamanda anawamva ngati wanena ndi munthu wina. Sanawabweze.

Jesinta anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano.

"Pyadidi, achemwali aakulu. Gonani. Mawa muli ndi ulendo."

Anatembenukira kukhoma.

5. Bwato loyamba

Tamanda anadzuka kusanayere bwino. Mbali ya Jesinta inali yozizira. Yunifolomu inali pa msomali pomwe paja.

Panja a Saulos ankapopa njinga yakapalasa. Anapopa tayala lakutsogolo, anapopa lakumbuyo. Anabwereranso lakutsogolo. Anali atavala jekete ya kutchalitchi. Pa kaliyala anamangapo chitenje chopinda kuti mwana asamve kuwawa.

A Magdalena anatuluka ndi mbatata zokulunga m'pepala. Anaima pakati pa bwalo.

"Saulos, siya pampuyo. Tamanda, uli ndi mawu kwa baba wako?"

A Saulos anaweramabe. Dzanja lawo linali pa tayala, losasuntha.

Tamanda anayang'ana chitenje cha pa kaliyala. Chinakonzedwera iye. Anakumbukira mawu aja, woyenera ndiwe.

"Ndilibe, azakhali. Ndakonzeka."

Azakhali anamupatsa mbatata. Sanamuyang'ane kumaso.

"Muyende bwino," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Ananyamuka. Njira inadutsa m'minda ya mapira, kenako m'mchenga umene madzi anasiya. A Saulos ankapalasa osayankhula. Msana wawo unali wotambasuka, jekete ikununkha utsi wa simbi. Tamanda anagwira m'mbali mwa jeketeyo. Anadikira kuti amve kukoma. Sanamve kanthu.

Pa mphambano anakumana ndi amayi a nsomba, mabeseni pamitu, akulowera njira ya ku Ruo. Pakati pawo panali Jesinta. Anavala diresi yakale ndi chitenje m'chiuno. Linali Lachitatu, tsiku la sukulu.

A Saulos anagwira mabuleki.

"Jesinta! Ukupita kuti?"

"Kutsidya, baba. Amayiwa akufuna womasulira wa tsiku ndi tsiku. Akhala akundipempha kalekale."

"Tsiku ndi tsiku? Nanga sukulu?"

"Sukulu mwainyamula pa kaliyala."

Amayi aja anaima, akuyang'anizana. Mmodzi anati, "Ii, a Kampira, nanga mwanayu si amene timamva kuti akupita ku Bangula lero?" Wina anamugwira mkono kuti akhale chete.

A Saulos anatsitsa phazi limodzi pansi. Sanatembenuke. Sakanatha kupempha, mwambo sunawalole. Anangoima, mutu uli chowerama, khosi likutuluka thukuta m'mawa muja. Anadikira.

Jesinta naye anaima. Beseni linali pamutu, maso ali pa Tamanda. Sanagwetse msozi. Ngakhale atavala diresi yong'ambika, anaima ngati mwini njira.

Tamanda anakoka jekete.

"Tichedwa, baba."

Phazi linabwerera pa pedulo.

Padoko panali piringupiringu. Njinga, matumba, mbuzi yomanga miyendo. Bwato la injini linali litayamba kale kulira. Pafupi ndi madzi panaima a Francisco, atavala tayi. Anawaona patali, nakweza dzanja akumwetulira.

"Fulumirani! Ndakusungirani malo awiri!"

Njinga inafika. Tamanda anatsika. Aphunzitsi anamudutsitsa maso, nayang'ana kunjira. Anayang'ananso. Kumwetulira kunazima.

"A Kampira, Jesinta ali kuti?"

A Saulos anatsamiritsa njinga pamtengo. Anamasula chitenje, nachipinda pang'onopang'ono.

"Mwana wanga woyamba ndi uyu, aphunzitsi. Ndikuimira iyeyu."

"Sindikumva. Ndafunsa kuti Jesinta ali kuti?"

"Okwera akwere!" anakuwa mwini bwato.

A Saulos analowa m'madzi, nsapato zili kumanja. Asanakwere anatembenuka. Kwa nthawi yoyamba m'mawa umenewo anamuyang'ana Tamanda m'maso.

"Mtsinjewu ndi waukulu, mwananga. Ukhale pafupi ndi aphunzitsi. Za Jesinta uwayankhe ndiwe."

Tamanda anakwera. A Saulos atakhala, malo opanda munthu anatsala amodzi okha, pathabwa limodzi ndi a Francisco. Bwato linasiya gombe.

"Ndikumvetsera," anatero aphunzitsi.